Thandizeni: ma state a Bell kuwasiyanitsa wina ali ku Lusaka wina ku Chipata, zimatheka bwanji?

Mwatitha_K

Moni nonse, mwaswera bwanji. Pali funso landizunguza mutu sabata yonse ino ndipo presentation ili Lachisanu likubwerali, ndiye amene mumadziwa zinthuzi chonde musandiseke.

Ndikuwerenga za quantum communication. Ndafika pamene akuti tiyerekeze anthu awiri ali kutali, wina kuno ku Lusaka wina ku Chipata, aliyense wagwira qubit imodzi (kanthu kakang'ono ka quantum konyamula uthenga, monga photon ya kuwala) pa ma qubit awiri amene anakonzedwa limodzi. Amene anawakonza sakuwauza kuti anawaika mu state iti, wangowauza kuti ndi imodzi mwa zinayi zija za Bell basi, ma state anayi amene ma qubit awiriwo amakhala olumikizana, kumene timati entanglement. Ntchito yawo ndi kupeza kuti ndi iti. Ine ndinkaona ngati nkhani yophweka chifukwa zinayi zija ndi orthogonal, ndiye kuti nzosiyana kotheratu pa masamu, ndipo chaka chatha tinaphunzira kuti zikakhala orthogonal ukhoza kuzisiyanitsa osalakwa olo kamodzi. Manje notes zikuti ayi sangathe, olo aimbirane foni tsiku lonse mpaka talktime ithe. Tsamba lotsatira likuti koma mukawapatsa entanglement ina yowonjezera ndiye angathe. Apa mpamene ndasokera. Ma state aja ali entangled kale, ndiye yowonjezerayo ikubwera kudzachita chiyani chimene yoyambayo yalephera?

Lachiwiri, ngati entanglement ili ndi mphamvu choncho, kodi ingathandizenso kusiyanitsa ma state amene sali orthogonal?

Kuno ku Kalingalinga magetsi anapita kuyambira 06, ndikulemba pa foni ili pa 23%, ndikachedwa kuyankha mudziwe kuti yazima.

Jere_waMtendere

Kkkkk mlongo, zimenezo kwathu ku Petauke tinazidziwa kalekale, agogo amakwera lichero usiku m'mawa ali ku Joni, azungu angobwera mochedwa nkuzipatsa dzina loti teleportation. Koma zoona ine sindimvetsa, ati ukagwira kamodzi kuno kenako kamnzake kakumva komweko nthawi yomweyo? Ngati zili choncho bwanji tikuvutikabe ndi ma bundle. Ndikhala pompano ndimve nawo.

aMbewe_Physics

A Mwatitha simuli nokha, ine ndinakodwa pamalo omwewo ndili pasukulu. Mawu oti orthogonal ukhoza kusiyanitsa ndi oona, koma mabuku ambiri amameza kachidutswa kena ka chiganizocho. Kachidutswako nkoti: ngati ma qubit onse awiri ali patebulo limodzi, m'manja mwa munthu mmodzi, kuti awayeze pamodzi ngati chinthu chimodzi. Inu mwawapatula, wina ali ku Lusaka wina ku Chipata, aliyense angoyeza kake nkuimbirana foni. Kachitidwe kameneka m'mabuku amakalemba LOCC, ndipo ndi kofooka kuposa kuyeza pamodzi.

Ndiyambe ndi chinthu choti mungachigwire ndi manja. Pitani ku Kamwala mupeze magalasi a dzuwa a polarized, enieniwo osati ongodetsedwa aja. Muwavale muyang'ane screen ya laptop, kenako mupendeketse mutu pang'onopang'ono ngati nkhuku ikuyang'ana kabawi. Muona screen ikuzilala mpaka kuda bii, mukabwezera mutu iwalanso. Ana anga a Grade 12 ndikawaonetsa zimenezi amakuwa ngati ndachita matsenga. Chikuchitika nchakuti galasi lija likufunsa kuwala funso limodzi: waima kapena wagona? Mukalipendeketsa madigiri 45 funso lasintha, tsopano likufunsa kuti wapendekera kumanja kapena kumanzere? Ndiye photon imodzi, kachidutswa ka kuwala kamene apa ndiko qubit yathu, mungaifunse funso limodzi lokha mwa awiriwa, lowongoka kapena lopendekera. Ikayankha loyamba, yankho la lachiwiri lafufutika, mukaifunsabe ingokupatsani zamwayi ngati kuponya kandalama m'mwamba.

Tsopano zinayi za Bell zija ziwerengeni motere. Musayang'ane kuti photon ya ku Lusaka yayankha chiyani, yang'anani ngati awiriwo agwirizana kapena asiyana. Phi plus: pa funso lowongoka amagwirizana, pa lopendekera amagwirizananso. Phi minus: lowongoka amagwirizana, lopendekera amasiyana. Psi plus: lowongoka amasiyana, lopendekera amagwirizana. Psi minus ndi aja apabanja osamvana, amasiyana konsekonse. Mwaona kuti dzina la state lili ndi mayankho awiri, ndipo kuti mulidziwe mufunika onse awiri.

Nanga anthu anu aja atani? Apangana pa foni kuti tiye tonse tifunse lowongoka. Ayeza, aimbirana, apeza kuti agwirizana. Chabwino, ndi Phi. Koma Phi plus kapena Phi minus? Kuti adziwe afunika funso lopendekera, koma ma photon aja ayankha kale, entanglement yatha, palibenso chofunsa. Angoponya mwayi. Ndiye pa zinayi, olo achenjere bwanji, olo wina ayambe kuyeza nkuuza mnzake kuti asinthe kayezedwe, mwayi wolasa sudutsa theka. Atauzidwa kuti ndi imodzi mwa zitatu, mwayi ndi 2 pa 3. Zikakhala ziwiri zokha ndiye savutika, angosankha funso limene ziwirizo zimasiyanirana. Ndipo zimenezi si za Bell zokha ayi, mu 2000 Walgate, Short, Hardy ndi Vedral anaonetsa kuti ma pure state awiri aliwonse amene ali orthogonal angasiyanitsidwe ndi LOCC popanda kulakwa, kaya ali entangled motani. Vuto limayamba akachuluka.

Mmene ine ndimazionera, dzina la state lija silili m'thumba la wa ku Lusaka ndipo silili m'thumba la wa ku Chipata. Aliyense payekha akayeza amangoona zamwayi, theka uku theka uku, pa state iliyonse mwa zinayizo. Dzinalo lili pakati pawo, ngati chibale, sungachipeze posecha munthu mmodzi.

Manje entanglement yowonjezera ija. Kusiyana kwake nkwakuti yoyamba ndi funso la mayeso, simuidziwa. Yachiwiri ndi chida, mukuidziwa bwinobwino kuti ndi Phi plus chifukwa munaikonza nokha nkugawana kale. Ndi chida chimenecho mupanga teleportation, ija inalembedwa mu 1993 ndi Bennett, Brassard, Crépeau, Jozsa, Peres ndi Wootters. Wa ku Chipata tsopano ali ndi ma qubit awiri patebulo pake, yachinsinsi ija ndi theka lake la chida. Awayeza pamodzi, zimenezo nzololedwa poti onse ali kwa iye, apeza yankho limodzi mwa anayi, ndiye kuti ma bit awiri. Atumiza ma bit awiriwo pa SMS wamba. Wa ku Lusaka akawerenga SMS akonza theka lake la chida molingana ndi zimene wauzidwa, mwina kulitembenuza, mwina kusintha phase, mwina zonse, mwina kungolisiya. Akatero qubit yake ija yatenga malo a qubit ya ku Chipata, pamodzi ndi chibale chonse chimene inali nacho. Basi ma qubit onse awiri a funso ali ku Lusaka patebulo limodzi, awayeza pamodzi, mawu aja oti orthogonal ukhoza kusiyanitsa agwiranso ntchito.

Koma chida chija chatha. Chili ngati ma unit a magetsi, ukaphikira nyemba sabwerera mu mita. Funso lina likabwera mufunika pair ina yatsopano.

Funso lanu lachiwiri yankho ndi ayi. Entanglement imangokubwezerani patebulo limodzi, sikupatsani zoposa zimene munthu wa patebulo limodzi angachite. Ndipo iyeyo ma state amene sali orthogonal sangawasiyanitse mosalakwa. Tengani photon imodzi imene mwina ndi yoima mwina ndi yopendekera madigiri 45, mwayi wofanana. Kuyeza kwabwino koposa kumalasa pafupifupi 85 pa 100, malire amenewo amatchedwa a Helstrom. Pali njira ina ya Ivanovic, Dieks ndi Peres, ya mu 1987 ndi 1988, imene makina amaloledwa kunena kuti sindikudziwa. Akayankha salakwa, koma pa chitsanzo chomwechi amayankha pafupifupi 29 pa 100 chabe, kwinako konse angoti sindikudziwa. Musankhe nokha, mboni yoyankha nthawi zonse koma nkumaphonya mwa apo ndi apo, kapena mboni yosanama koma yokhala chete nthawi zambiri.

Mwatitha_K

A Mbewe zikomo kwambiri, za funso lowongoka ndi lopendekera zija zanditsegula maso, mu notes anangolemba ma matrix osafotokoza. Koma dikirani. Ngati vuto ndi loti photon iliyonse imayankha funso limodzi, bwanji osangopanga photocopy? Aliyense akopere qubit yake, pa yoyamba afunse lowongoka pa yachiwiri afunse lopendekera, nkhani yatha popanda teleportation.

aMbewe_Physics

Mwaganiza bwino ndithu, ndipo theka la ganizo lanu ndi loona. Amene anakonza uja atakupatsani ma pair awiri a state yomweyo, mwapambana, pair yoyamba funso lowongoka yachiwiri lopendekera, foni imodzi basi mwadziwa dzina. Makope awiri amakwana pa zinayi zonse za Bell. Koma kukopera nokha ndiye kosatheka. Mu 1982 Wootters ndi Zurek, komanso Dieks payekha, anaonetsa kuti palibe makina amene angakopere state yosadziwika iliyonse. Si nkhani yoti makina ake sanapangidwebe, masamu ake amakana. Mukayesa kukopera ndi CNOT, gate ija yotembenuza qubit yachiwiri molingana ndi yoyamba, mungokopera yankho la funso lowongoka, la lopendekera limwazika pa ma qubit onse ndipo mubwerera pomwe munali.

Muonenso kuti teleportation nayo sikopera. Ya ku Chipata ija imafafanizika poyeza paja, ndiye palibe nthawi imene state ili kuwiri.

Jere_waMtendere

Ba teacher ndamva pang'ono. Koma funso langa la ma bundle simunayankhe. Ngati wa ku Chipata akayeza wa ku Lusaka yake yasintha nthawi yomweyo, SMS ija ndi ya chiyani? Si iyeyo angoyang'ana qubit yake nkuona kuti mnzanga wayeza?

aMbewe_Physics

A Jere, angoona chiyani? Ayeze yake asanalandire SMS apeza zamwayi, theka uku theka uku. Mnzake akhale wayeza, akhale sanayeze, akhale wapita ku Kapata market kukagula nsomba, zimene wa ku Lusaka akuona nzomwezo. Mgwirizano uja umaoneka pokhapokha mwaika mapepala awiri a zotsatira pambali pa linzake, ndipo kuti pepala lichoke ku Chipata lifike kuno lidzera njira wamba, foni kaya intaneti kaya basi ya pa Intercity, ndipo palibe mwa izi chothamanga kuposa kuwala. Popanda ma bit awiri aja wa ku Lusaka sadziwa kuti akonze motani, ali ndi loko wopanda kiyi. Ndiye ma bundle mugulabe bwana.

MudalaWaFibre

Ine masamu anuwo sindilowamo, ntchito yanga ndi ya fibre, kulumikiza ndi kuyeza, ndakhala m'maenje a m'mbali mwa misewu zaka zambiri. Koma ndawerenga zonse ndipo pali chimene mukuchidumpha ngati chaching'ono. Mukuti anagawana kale pair. Anagawana bwanji? Photon ija inafika bwanji ku Chipata?

Fibre yabwino pa 1550 nm imataya pafupifupi 0.2 dB pa kilomita, osawerengera ma splice ndi ma connector akuda. Ndiye kuti pa 50 km patsala gawo limodzi pa 10, pa 100 km limodzi pa 100, pa 200 km limodzi pa 10,000. Lusaka mpaka Chipata pa Great East Road ndi kuposa 500 km. Tingoti 500 yeniyeni, imeneyo ndi 100 dB, photon imodzi pa 10 biliyoni ndiyo ifike. Olo makina anu azitulutsa 1 miliyoni pa sekondi, mudikira pafupifupi maola atatu kuti imodzi itulukire kuja, ndipo detector yanu ikhala italira kale kambirimbiri payokha popanda photon iliyonse.

Ife pa intaneti wamba vuto limeneli timalithetsa ndi ma amplifier m'njira, kuwala kukafooka timakuwonjezera mphamvu. Koma amplifier ntchito yake ndi kuchulukitsa ma photon ofanana, ndiye mmene a Mbewe anenera za kukopera paja ndaona kuti apa sizingayende. Nchifukwa chake anzathu anathawira kumwamba. A ku China anaponya satellite ya Micius mu 2016, mu 2017 anagawa ma photon a entangled pakati pa malo awiri otalikirana pafupifupi 1,200 km, poti kumwamba kulibe galasi lomeza kuwala, mpweya wokhuthala uli kufupi ndi pansi kuno basi. Asanatero, mu 2012, gulu la Zeilinger linapanga teleportation pa 143 km pakati pa zilumba za La Palma ndi Tenerife, kuwala kumangodutsa mumpweya pamwamba pa nyanja.

Ndipo zonsezo tisanakambe za anthu okumba. Mwezi watha tinagona kutchire usiku wonse chifukwa wina anadula cable poganiza kuti muli copper, anapezamo tiulusi tagalasi nkutaya pompo. Ulusi wake ndi wochepa ngati tsitsi, kuti ulumikize umausenda, kuupukuta ndi spirit, kuudula mowongoka ndi cleaver, kafumbi kamodzi kakalowa uyambirenso, ndipo uku mphepo ya July ikuomba tochi ili kukamwa. Ndiye mwana wanga Mwatitha pa presentation paja uikepo slide imodzi ya zimenezi, asamaone ngati entanglement imagulidwa pa kantemba.

Tisa_Chelstone

Ndalowa mochedwa koma ndiwonjezere ziwiri, mwina zikuthandiza akakufunsa mafunso.

Choyamba, usanene kuti LOCC imalephera chifukwa ma state ali entangled, pamenepo akhoza kukugwira. Mu 1999 Bennett ndi anzake anapeza ma state 9 a tinthu tiwiri, kalikonse kokhala ndi ma level atatu, onse orthogonal, ndipo palibe olo imodzi ili entangled, iliyonse ndi product state wamba. Koma anthu awiri otalikirana sangawasiyanitse mosalakwa ndi LOCC. Amawatcha ma domino state chifukwa ukawajambula pa bokosi la 3 kwa 3 amaoneka ngati ma domino anayi ozungulira kabokosi kapakati. Aliyense amene ayambe kuyeza amadula domino imodzi pakati nkuwononga chimene mnzake akanagwiritsa ntchito. Ndiye vuto lenileni ndi kupatukana kwa oyezawo, entanglement ya mu state ndi njira imodzi chabe yolionetsera.

Chachiwiri ndikutsutsako pang'ono a Mbewe, osati kuti alakwa koma yankho lawo la ayi lija lingakusokeretse. Pa ma state, zoona, entanglement siidutsa malire a Helstrom. Koma ngati chimene ukufuna kusiyanitsa ndi zochita, ndiye kuti kabokosi kamene kamachita kanthu pa qubit ndipo iwe sudziwa kuti kachita chiyani, pamenepo entanglement imathandiza zenizeni. Tenga zochita zinayi zija a Mbewe atchula, kusiya, kutembenuza, kusintha phase, ndi zonse ziwiri. Ukalowetsa qubit imodzi yokhayokha sungadziwe kuti mwa zinayizo chachitika nchiti, poti qubit imodzi imangokupatsa bit imodzi. Koma ukalowetsa theka la Phi plus, theka linalo wasunga, zochita zinayizo zimatulutsa ma state anayi a Bell aja ndendende, qubit ikabwerera kwa iwe uyeza pamodzi wadziwa. Imeneyi ndiye superdense coding ya Bennett ndi Wiesner, 1992, qubit imodzi kuyenda koma ma bit awiri kufika. Ine ndimaiona ngati teleportation yoyenda chambuyo.

aMbewe_Physics

A Tisa mwanena zoona, ndavomera, ndinayankha za ma state zokha.

Mudala nanunso mwagunda penipeni, ndipo ndiwonjezere chowawa china. Ndakhala ndikunena kuti awayeza pamodzi ngati ndi chinthu chophweka. Pa pepala ndi ma gate awiri basi, CNOT ndi ina yotchedwa Hadamard. Koma ma photon sakhudzana okha, amangodutsana ngati anthu osadziwana pa Cairo Road. Ndi ma beam splitter ndi ma detector wamba, popanda ma photon ena othandizira, kuyeza kwa Bell kumatheka theka la nthawi basi, umazindikira ziwiri mwa zinayi. Pa teleportation yoyamba ya ku Innsbruck mu 1997 gulu la Zeilinger linkazindikira imodzi yokha mwa zinayizo, zina zonse amangotaya. Zeilinger yemweyo ndiye analandira Nobel mu 2022 pamodzi ndi Aspect ndi Clauser.

A Mwatitha, akakufunsani kuti nanga zonsezi phindu lake nchiyani, musachite manyazi ndi kulephera kuja. Kulephera kusiyanitsa ma state amene sali orthogonal ndiye maziko a BB84 ya mu 1984, njira yogawana kiyi wachinsinsi potumizirana ma photon. Wakuba amene wagwira photon panjira sadziwa kuti afunse lowongoka kapena lopendekera, sangaikopere kuti afunse onse, akafunsa lolakwika amasiya zolakwa zimene eni ake aziona akafananitsa gawo la zotsatira zawo. Za ma Bell state zijanso anthu amazigwiritsa ntchito pobisa uthenga pakati pa anthu awiri kuti wina asauwerenge payekha mpaka atakumana kapena atapatsidwa entanglement.

Jere_waMtendere

Ndiye mwati lichero la agogo linali bwino, silinkafuna SMS. Chabwino ndagonja, ndapita kukagula bundle.

Mwatitha_K

Kkkk a Jere. Magetsi abwera 22 ndiye ndawerenga zonse pa laptop bwinobwino. Ndakhala pansi ndalemba Phi plus mu D ndi A (mayankho awiri a funso lopendekera) ndi dzanja kuti ndione ndekha, yatulukadi DD kuphatikiza AA, Phi minus yatuluka DA kuphatikiza AD, ndiye tebulo la a Mbewe lija ndalikhulupirira tsopano. Ma domino ndayesa kujambula koma sindinamvetse bwino kuti woyamba kuyeza akuwononga pati, a Tisa ngati muli ndi mpata mawa madzulo ndingabwere ku Chelstone ndi pepala langa mundionetse, ndikwera ya pa Great East ndikatsikira pamene mungandiuze.

A Mudala slide yanu ilowa, ndiika masamu a 100 dB aja momwe mwawalembera. A Mbewe magalasi aja ndilibe ndipo ya ku Kamwala sabata ino palibe, pali amene angandibwereke a polarized enieni mpaka Lachisanu? Ndibweza asanakandike.